Fumbi Limene Limabala Mvula

Nkhani ya sayansi ya sabata ino ndi ya madzi oundana amene amapangika m'mitambo, ndiponso ya vuto limene akatswiri a zanyengo ali nalo pofuna kuphunzitsa makina a kompyuta kuŵerengera madziwo.

Omvera ambiri anaonapo matalala akugwa m'mwezi wa Disembala kapena Januwale, tsiku limene dzuŵa lakhala likuswa mtengo kuyambira m'maŵa. Ana amathamangira pabwalo kukatola timiyala toyera tija, pamene mlimi wa fodya amangoima pakhonde manja ali m'khosi, podziŵa kuti masamba amene wawavutikira akubooka. Munthu angadabwe kuti madzi oundana, amene ambiri amawatcha ayezi, achokera kuti m'dziko lotentha chotere. Yankho lake ndi lakuti kumwamba kumazizira. Munthu akamakwera m'mwamba, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka pa kilomita iliyonse. M'maiko otentha, msinkhu umene madzi angayambe kuundana uli pa makilomita pafupifupi 5 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndiko kuti pamwamba ndithu pa Sapitwa, nsonga ya phiri la Mulanje, imene ili pa mamita 3,002. Mitambo ikuluikulu ya mabingu imapitirira msinkhu umenewu kutali, ina mpaka makilomita 15. Ndipo si matalala okha amene amabadwira kozizirako. Mvula yambiri imene imagwa pamtunda padziko lonse, ngakhale m'maiko otentha, imayamba ngati ayezi, n'kusungunuka ili m'njira.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, poyamba pafunika kudziŵa chimene mtambo uli. Mtambo ndi khamu la timadontho ta madzi tating'ono kwambiri, moti timadontho 50 titandandalikidwa pamzere tingakwane milimita imodzi yokha. Kuti dontho limodzi la mvula lipangike pamafunika timadontho totere pafupifupi 1,000,000. Timadonthoti sitipangika pachabe. M'chaka cha 1880, John Aitken wa ku Scotland anasefa mpweya ndi thonje, ndipo anapeza kuti mumpweya wosefedwawo nthunzi inkalephera kusanduka nkhungu. Kadontho kalikonse ka mumtambo kamafuna kafumbi kokhalapo. Tifumbi timeneti ndi ta mitundumitundu: dothi louluka ndi mphepo, utsi, mchere wochokera m'mafunde a nyanja, mungu wa maluŵa ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Mumpweya wa pamtunda wodzaza supuni yaing'ono mumapezeka tifumbi zikwi zingapo.

Chachiŵiri chofunika kudziŵa ndi chakuti madzi saundana nthaŵi zonse pamene kuzizira kwafika pa ziro pa sikelo ya Celsius, monga ana amaphunzirira kusukulu. Daniel Fahrenheit, amene dzina lake lili pa sikelo ina yoyezera kutentha, analemba m'chaka cha 1724 kuti anaona madzi atazizira kupitirira msinkhu woundanira koma akadali madzi. Kadontho ka madzi oyera kangathe kukhala kosaundana mpaka madigiri pafupifupi 38 pansi pa ziro. Kuti kaundane kuzizira kusanafike pamenepo, pamafunika kafumbi kena kapadera kokayambitsa. Chifukwa cha ichi, pakati pa ziro ndi madigiri 38 pansi pa ziro, mtambo umodzi ungathe kukhala ndi timadontho ta madzi ndi tizidutswa ta ayezi pamodzi. Imeneyi ndiyo mitambo yosakanizika, ndipo m'maiko otentha imapezeka kuyambira makilomita 5 kufika 10 kapena 11 m'mwamba.

Zimene zimachitika madzi ndi ayezi zikakumana mumtambo zinafotokozedwa ndi anthu atatu: Alfred Wegener wa ku Germany mu 1911, Tor Bergeron wa ku Sweden mu 1933, ndi Walter Findeisen wa ku Germany mu 1938. Iwo anasonyeza kuti ayezi amakoka nthunzi mwamphamvu kuposa madzi. Pa madigiri 10 pansi pa ziro, mpweya umene uli ndi nthunzi yongokwanira kusunga timadontho, kwa ayezi uli ndi nthunzi yopitirira muyezo ndi magawo 10 pa 100 alionse. Pa madigiri 20 pansi pa ziro, yopitirirayo imaposa magawo 20. Choncho kachidutswa ka ayezi kali ngati mwana wadyera amene akudya mbale imodzi ndi anzake: iko kamanenepa, pamene timadontho toyandikana nako timauma n'kutha. Kakalemera kamayamba kugwa, ndipo potsika kamagunda timadontho tina timene timaundana pomwepo n'kukakamira. Kakafika mumpweya wofunda kamasungunuka, n'kugwa ngati mvula. Koma ngati mphepo yokwera m'mwamba ili yamphamvu, imakanyamula kwa nthaŵi yaitali kufikira katakula n'kusanduka tsalala lolephera kusungunuka. Ngakhale mphezi imabadwira m'kugundana kwa tizidutswa ta ayezi timeneti.

Si mvula yonse imene imadzera njira imeneyi. Mvula yoŵaza ya chiperoni, imene imagwa ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre m'nyengo yozizira, imachokera m'mitambo ya m'munsi yopanda ayezi, mmene timadontho timangogundana n'kuphatikizana. N'chifukwa chake madontho ake amakhala ang'onoang'ono. Koma mvula ya mabingu imene imadzaza mitsinje ndi kumeretsa chimanga ndi mwana wa ayezi.

Apa pakuoneka kuti moyo wa mtambo umadalira kuchuluka kwa tizidutswa ta ayezi. Tikakhala tochepa kwambiri, mtambo umakhalabe wamadzi, ndipo ungathe kutandala m'mwamba masiku angapo. Tikachuluka, timamwa madzi a mtambowo, mvula n'kugwa, kumwamba n'kuyera. Munthu amene anaonetsa zimenezi poyera ndi Vincent Schaefer, wogwira ntchito ku kampani ya General Electric mumzinda wa Schenectady ku America. Mu Julayi 1946 iye ankapumira mufiriji kuti mpweya wake upange kamtambo, ndipo atayikamo chibulu cha mpweya wa carbon dioxide woumitsidwa, chozizira madigiri 78 pansi pa ziro, kamtambo kaja kanadzaza tizidutswa ta ayezi tonyezimira. Pa 13 Novembala chaka chomwecho anamwaza zibulu zotere kuchokera m'ndege pa mtambo wa pafupi ndi phiri la Greylock, ndipo mtambowo unagwetsa chipale. Mnzake Bernard Vonnegut anapeza kuti utsi wa mankhwala a silver iodide umachitanso chimodzimodzi.

Nanga m'chilengedwe, chimayambitsa ayezi n'chiyani? Tifumbi toundanitsa madzi ndi tosoŵa zedi. Mwa tifumbi 100,000, kaŵirikaŵiri ndi kamodzi kokha kamene kali ndi mphamvuyi, ndipo nthaŵi zina pamafunika 1,000,000 kuti kapezeke kamodzi. Tambiri timachokera m'zipululu. Chigwa cha Bodélé m'dziko la Chad, m'chipululu cha Sahara, ndicho chimatulutsa fumbi lochuluka koposa padziko lonse, ndipo kum'mwera kwa Africa fumbi limanyamuka m'madambo ouma a Etosha ku Namibia ndi Makgadikgadi ku Botswana. Mu 2013 akatswiri a pa yunivesite ya Leeds ku England anapeza kuti m'fumbi la m'chipululu, mphamvu yaikulu youndanitsa madzi ili m'mwala wotchedwa feldspar, ngakhale kuti mwalawo ndi gawo lochepa la fumbilo. Zamoyo nazo zili ndi mbali yake. Mu 1974 akatswiri a pa yunivesite ya Wyoming ku America anasonyeza kuti bakiteriya wina wokhala pamasamba a zomera, wotchedwa Pseudomonas syringae, amaundanitsa madzi pa madigiri 2 okha pansi pa ziro. Utsi nawo umasintha mitambo m'njira yakeyake. Utsi wa lupsa, umene umaphimba kum'mwera kwa Africa kuyambira Ogasiti kufika Okutobala, umachulukitsa timadontho, motero kuti madzi omwewo amagaŵidwa m'timadontho tambiri tating'ono tovuta kuphatikizana.

Pali chinanso chimene chinasokoneza akatswiri. Ndege zoyeza mitambo zinkapeza tizidutswa ta ayezi tochuluka kuŵirikiza kambirimbiri kuposa tifumbi toundanitsa timene tinalipo. Mu 1974 John Hallett ndi Stanley Mossop, akugwira ntchito ku Sydney m'dziko la Australia, anapeza chimodzi mwa zifukwa zake. Pakati pa madigiri 3 ndi 8 pansi pa ziro, timadontho tikamaundana pa kachibulu ka ayezi timathothola tizibenthu, ndipo kachibenthu kalikonse kamakula pakokha n'kuthotholanso tina. Ayezi amabala ayezi mnzake, monga mmene phesi limodzi la chinangwa limadzazira munda.

Tsono zonsezi ziyenera kuloŵa m'kompyuta, chifukwa masiku ano kulosera za nyengo ndi ntchito ya masamu. Amene anayamba njirayi ndi Lewis Fry Richardson wa ku England. M'buku lake la mu 1922 iye anagaŵa mlengalenga m'zigawo, n'kuŵerengera ndi manja mmene mphepo ndi kutentha zingasinthire m'chigawo chilichonse. Kulosera za maola 6 okha kunam'tengera masabata pafupifupi 6, ndipo yankho linatuluka lolakwika. Iye anaŵerengera kuti pangafunike anthu 64,000 ochita masamu nthaŵi imodzi kuti ntchitoyo iyendere limodzi ndi nyengo. Maloto ake anakwaniritsidwa mu 1950, pamene gulu la Jule Charney ndi John von Neumann linalosera za nyengo koyamba ndi kompyuta yotchedwa ENIAC ku America.

Njira ya Richardson ndiyo ikugwirabe ntchito. Kompyuta imagaŵa mlengalenga wonse m'mabokosi osanjikizana, monga mmene kapitawo amagaŵira munda m'ndime. M'bokosi lililonse imasunga manambala a kutentha, mphepo, nthunzi, madzi ndi ayezi, ndipo imaŵerengera mmene zidzakhalire pakapita mphindi zingapo, kenaka n'kubwerezanso, mpaka masiku kapena zaka mazana zitakwana. Chimenechi ndicho chifaniziro cha nyengo. Likulu la maiko a ku Ulaya lolosera za nyengo, limene lili ku Reading, linachepetsa mabokosi ake kufika makilomita 9 m'lifupi mu 2016. Koma m'zifaniziro zambiri zoŵerengera kusintha kwa nyengo kwa zaka zam'tsogolo, bokosi limodzi ndi lalikulu makilomita pafupifupi 100, ngati mtunda wa pakati pa Lilongwe ndi Salima.

Vuto lagona pamenepa. Kompyuta singathe kuona kadontho kapena kafumbi m'bokosi lalikulu chotero. Imachita zimene mlangizi wa zaulimi amachita poyerekeza zokolola za dera lake. Iye saŵerenga chisononkho chilichonse. Amayeza minda ingapo, n'kupanga lamulo loŵerengera minda yotsalayo. Ngati minda imene wayeza ili ya kudimba yokhayokha, chiŵerengero chake cha kumtunda chidzakhala chonama. Momwemonso akatswiri amapatsa kompyuta malamulo achidule onena kuti, pa kuzizira kwakuti, madzi a mumtambo osanduka ayezi akhale ochuluka mwakuti.

Lamulo lina lotchuka linalembedwa ndi Neville Fletcher wa ku Australia mu 1962, ndipo linkayang'ana kuzizira kokha. Mwa lamuloli, pa madigiri 20 pansi pa ziro, mu lita imodzi ya mpweya mumapezeka kafumbi koundanitsa pafupifupi kamodzi, kaya ndi pamwamba pa chipululu kaya pakati pa nyanja. Zifaniziro zambiri zinayenda ndi malamulo a mtundu umenewu kwa zaka zambiri. Mu 2010 Paul DeMott wa pa yunivesite ya Colorado State ndi anzake anasonkhanitsa zimene zinayezedwa m'madera osiyanasiyana, n'kupanga lamulo loyang'ana zinthu ziŵiri: kuzizira, ndi kuchuluka kwa tifumbi tokulirapo, toposa gawo limodzi mwa magawo 2,000 a milimita. Lero zifaniziro zina zimatsata fumbi lenilenilo kuchokera pamene lanyamukira, mmene mphepo ikuliyendetsera, mpaka pamene laloŵera mumtambo.

Kumene kulakwa kwa malamulo akale kunaonekera kwambiri ndi ku nyanja yaikulu ya kum'mwera, yozungulira dziko lozizira la Antarctica. Nyanjayi ili kutali ndi zipululu, ndipo mpweya wake ndi umodzi mwa mipweya yoyera koposa padziko. Setilaiti yotchedwa CALIPSO, imene America ndi France anaiponya m'mlengalenga mu 2006 ndipo inagwira ntchito mpaka 2023, inkaunika mitambo ndi kuŵala kwa laser, n'kusiyanitsa madzi ndi ayezi. Inapeza kuti pamwamba pa mitambo yambiri ya kumeneko pali madzi osaundana, ngakhale pa madigiri 20 pansi pa ziro. Makompyuta ankaundanitsa mitamboyo msanga, n'kuigwetsa, n'kulola dzuŵa lochuluka kufika panyanja. Zotsatira zake, nyanja ya m'kompyuta inkakhala yofunda kuposa nyanja yeniyeni. Kumayambiriro kwa 2018, ndege ya kafukufuku ya ku America inkanyamuka ku Hobart, pachilumba cha Tasmania, kukaloŵa m'mitambo imeneyi, ndipo inatsimikiza kuti madzi osaundana ndi ochuluka, tifumbi toundanitsa n'tochepa.

Wina angafunse kuti, kodi mitambo ya kutali chotero ili ndi ntchito yanji kwa mlimi wa ku Kasungu kapena msodzi wa ku Nkhata Bay? Ntchito yake ndi iyi. Mpweya wa carbon dioxide, umene umasunga kutentha padziko, wawonjezeka kuchoka pa magawo pafupifupi 280 pa 1,000,000 mafakitale asanachuluke, kufika pa magawo oposa 420 m'chaka cha 2024. Funso lalikulu la akatswiri ndi lakuti, mpweyawu ukachuluka kaŵiri, dziko lidzatentha ndi madigiri angati? Yankho limadalira kwambiri mitambo. Mtambo wamadzi uli ndi timadontho tambiri tating'ono, motero umaŵala kwambiri ndi kubweza kuŵala kwa dzuŵa kumwamba, ndiponso umakhalitsa. Mtambo wa ayezi wa kulemera komweko subweza kuŵala kochuluka chotero. Dziko likamatentha, ayezi wina wa m'mitambo amasanduka madzi, mitambo imaŵala koposa, ndipo izi zimachepetsako kutenthako, ngati buleki ya njinga pamtsetse. Koma mphamvu ya bulekiyo imadalira kuchuluka kwa ayezi amene alipo poyamba. Kompyuta imene yaika ayezi wambiri m'mitambo ili ndi buleki yabodza.

Zimenezi zinayamba kuoneka mu 1989, pamene John Mitchell ndi anzake a ku ofesi ya zanyengo ya ku Britain anasintha kaŵerengedwe ka madzi ndi ayezi m'chifaniziro chawo, ndipo kutentha koloseredwa kunatsika kuchoka pa madigiri oposa 5 kufika pa osakwana 3. Mu 2016 Ivy Tan ndi Trude Storelvmo a pa yunivesite ya Yale, pamodzi ndi Mark Zelinka, anachita zosemphana ndi zimenezo. Anakonza chifaniziro china kuti madzi osaundana a m'mitambo yake afanane ndi amene setilaiti inaona, ndipo kutentha koloseredwa kunakwera ndi madigiri ofika 1.3.

Patapita zaka zoŵerengeka, zifaniziro zatsopano zingapo zinayamba kupereka manambala oopsa. Chimodzi mwa izo, chotchedwa CESM2, chopangidwa ku Boulder m'chigawo cha Colorado, chinasonyeza mu 2019 madigiri 5.3, pamene cham'mbuyo mwake chinkasonyeza pafupifupi 4. Akatswiri sanangovomereza. Anachiyesa pochiuza kuti chiŵerengere nyengo ya zaka 21,000 zapitazo, pamene ayezi anaphimba mbali yaikulu ya kumpoto kwa America ndi Ulaya. Umboni wa m'matope a pansi pa nyanja umasonyeza kuti dziko linali lozizirapo ndi madigiri pafupifupi 6, koma chifanizirocho chinapereka oposa 11. Atafufuza, anapeza kuti china mwa zolakwika chinali kalamulo kena koika malire a chiŵerengero cha tizidutswa ta ayezi mumtambo. Atakonza kalamuloko ndi kachitidwe ka masamu a m'mitambo mu 2022, nyengo yakale ija inatuluka bwino, ndipo kutentha kwa m'tsogolo kunabwerera pa madigiri pafupifupi 4. Bungwe la United Nations loona za kusintha kwa nyengo, la IPCC, litasonkhanitsa maumboni onse mu 2021, linanena kuti chiŵerengero chodalirika ndi madigiri 3, ndipo mwachionekere chili pakati pa 2.5 ndi 4.

Kusiyana kwa madigiri 3 ndi 5 kungaoneke kochepa pomva, koma chiŵerengerochi ndi cha dziko lonse, nyanja ndi mtunda pamodzi, ndipo pamtunda pamatentha kuposa pamenepo. Kwa anthu odalira mvula, kusiyana kumeneku kumakhudza mtundu wa chimanga umene ungapirire, madzi amene nyanja ya Malaŵi imataya ndi dzuŵa, ndi mphamvu ya mtsinje wa Shire yopukusa makina a magetsi. Ngakhale ulosi wa tsiku ndi tsiku umene omvera amaumva pawailesi umatsamira pa zifaniziro za dziko lonse zimenezi, pamodzi ndi zimene oyeza nyengo a m'dziko muno amaona.

Ntchito yokonza malamulo a ayezi ikupitirira. Ku Karlsruhe m'dziko la Germany kuli chipinda chachikulu chachitsulo chotchedwa AIDA, mmene akatswiri amapangira mitambo n'kuthiramo fumbi la mitundu yosiyanasiyana kuti aone limene likuundanitsa madzi ndi pa kuzizira kotani. Mu Meyi 2024 maiko a ku Ulaya ndi Japan anaponya setilaiti ina yotchedwa EarthCARE, yoyeza mitambo, fumbi ndi kuŵala kwa dzuŵa nthaŵi imodzi. Chilichonse chimene chayezedwa chimapita kwa olemba malamulo a m'kompyuta, monga mlangizi uja akamawonjezera minda ya kumtunda pa ya kudimba ija.

Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro sikata. Iwo ankanena za munthu amene tsoka likum'londola, koma akatswiri apeza kuti mvula ndi litsiro n'zapachibale ndithu. Popanda fumbi palibe mtambo, ndipo kafumbi kamodzi mwa 100,000 ndiko kamagamula ngati mtambowo ugwetse mvula kapena upitirire. Matalala akadzagwanso, amene adzatole limodzi akumbuke kuti lachokera makilomita ambiri m'mwamba, ndi kuti makina aakulu koposa padziko akuphunzirabe kuŵerengera kabadwidwe kake. Nkhani ya sabata ino yathera pomwepa.